Kusiyana kwa waya wa kopa weniweni ndi uja wongopakidwa kopa kunja

Anzanga a ku Ndirande mwandifunsa kokwanira za mawaya a lole yanga ya Bedford, ndiye ndilembe kamodzi basi.

Chaka chatha ndinagula mpukutu wa waya wa 2.5mm² ku Limbe, wotchipa kwambiri kuposa wa m'sitolo. Kuuona, kopa ndithu. Tinakokera ma spotlight awiri a 100W, omwe pa 12V amadya ma amp pafupifupi 17 (17A). Usiku wina ndikukwera zitunda za Thabwa kuchokera ku Chikwawa, magetsi anayamba kuzilala, kenako fungo la pulasitiki wopserera m'kabini monse. M'mawa makaniko anaupala ndi mpeni n'kundionetsa: "Bwana, taonani, mkatimu ndi moyera." Unali aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pang'ono, uja amati CCA.

Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61% ya mmene kopa amachitira, choncho 2.5mm² wangayo ankagwira ngati 1.5mm². Choipitsitsa chinali pa ma terminal, polumikizira waya paja: waya anali atatuwa ngati phulusa, tinthambo tina titaduka ndi kugwedezeka kwa lole, ndipo moto unayambira pomwepo. Ndinalipira makaniko kawiri, waya kawiri. Masiku ano pokagula waya ndimapita ndi laita, n'kuotcha nthambo kuti ndiyese. Nthambo ya kopa imangofiira, ya CCA imalendewera n'kuthothoka. Wogulitsa akakana kuti muyese, chokanipo. Wa kopa ndi wolemeranso m'manja.

Za ma fuse, a galasi kapena a blade, aja a pulasitiki a miyendo iwiri? Ine ndinasamukira ku a blade chifukwa amapezeka paliponse ndipo mtundu umakuuzani mphamvu: wofiira 10A, wabuluu 15A, wachikasu 20A, wobiriwira 30A. A galasi amamasuka m'zogwirira zakale zadzimbiri. Koma samalani posintha: pa fuse ya galasi ya Lucas, ija ya m'magalimoto akale a ku Britain, 35A yolembedwayo ndi pamene imapsera, koma mosalekeza imangonyamula pafupifupi 17A. Mukaikapo ya blade ya 30A, yomwe imanyamula 30A yonseyo osapsa, poganiza kuti n'zofanana, mwasiya waya opanda mlonda. Ndi zomwe ndinachita ine usiku wa ku Thabwa uja usanafike. Fuse imateteza waya, osati babu, ndiye isapose mphamvu ya wayayo.

Lole yanu ikakhala ya 24V, ma amp amatsika ndi theka pa babu ya ma watt omwewo. Apo waya wocheperapo angakwane, bola akhale wa kopa.