Cisco, MikroTik kapena Juniper: iti imakukhululukira ukalakwitsa adiresi ya IP?

M'mwezi wa Julayi, kukuzizira kodula zala, ndinaitanidwa kunyumba ina yosungiramo katundu ku Msasa, mu mzinda wa Harare, chifukwa intaneti inali itafa kuyambira m'mamawa. Dzulo lake ndinali komweko. Ndinaika maadiresi a IP, manambala odziwira makina pa netiweki, pa rauta ya Cisco, kabokosi kolumikiza makompyuta a pamalopo ku intaneti, zonse zinkayenda, ndipo ndinabwerera ku Mufakose mtima uli m'malo. Usiku magetsi anazima, batire linatha, ndipo rauta ija podzuka inali itaiwala zonse zimene ndinaiuza. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire amene makolo ake anachokera ku Dedza, atandiona ndikutuluka thukuta m'chisanu chija anati, "Achimwene, makinawa munangowauza pakamwa, simunawalembere." Ankaseka, koma mlandu wanga unalidi womwewo. Ndinaiwala lamulo limodzi, losunga.

Anyamata akamakangana za rauta yosavuta amakonda kuwerenga kutalika kwa malamulo. Ine chichitikireni zimenezi ndimafunsa mafunso awiri okha: lamulo ndalembali liyamba kugwira ntchito nthawi yanji, nanga lisungidwa nthawi yanji? Makina atatuwa amayankha mosiyana kwambiri, ndipo kuno kumene magetsi sapangana ndi munthu, kusiyana kumeneku ndi ndalama ya kombi, minibasi ya kuno, yobwererera kukakonza.

Tiyambe ndi Cisco, poti ambiri tinaphunzirira pamenepo. Ukalumikiza chingwe chabuluu chija cha console, cholowera mu rauta kuchokera pa laputopu, nʼkutsegula pulogalamu ya PuTTY pa liwiro la 9600, umalemba enable, kenako configure terminal, ndiye:

interface GigabitEthernet0/0
ip address 192.168.10.1 255.255.255.0
no shutdown

Pa IOS wamba, pulogalamu yoyendetsa marauta a Cisco, maski ya IPv4 (255.255.255.0 ija, yosonyeza kukula kwa netiweki) umailemba yonse, kulemba chidule chake /24 sakumvera, ngakhale pa maadiresi a mtundu watsopano a IPv6 amalandira /64 bwinobwino. Mzere wachitatuwo ndi umene umagwetsa ophunzira. Mapoti a rauta ya Cisco, mabowo olowetsamo zingwe aja, amabwera ali otseka, choncho ukaiwala no shutdown adiresi imakhalapo koma palibe chodutsa. Lemba show ip interface brief, ukaona mawu akuti administratively down usalimbane ndi chingwe, sunatsegule ndiwe.

Lamulo lililonse limagwira ukangodina Enter, koma limakhala mu running-config, m'chikumbumtima chimene chimafufutika magetsi akazima. Kuti likhazikike umalemba copy running-config startup-config, kapena mwachidule write memory. Apa mpamene ndinagwera ku Msasa. Koma khalidwe lomweli limapulumutsanso. Ukamasintha rauta ili ku Chitungwiza iwe uli mtauni, yamba ndi reload in 10. Ukadzitsekera kunja, pakatha mphindi 10 rauta imadzizimitsa nʼkudzuka ndi zakale zija zosungidwa. Zikayenda bwino umalemba reload cancel nʼkusunga. Ndi njira yamwano ndithu, chifukwa ofesi yonse imakhala yopanda intaneti rauta ikamadzuka, komabe kuli bwino kusiyana ndi kukwera kombi ndi laputopu pamiyendo nthawi yoweruka.

Chinthu china chofunika kuchidziwa musanakhudze poti imene mwalowerapo: pa Cisco adiresi yatsopano imachotsa yakale. Ukalemba ip address kachiwiri pa poti yomweyo, yoyamba ija yapita, ndipo ngati SSH yako, njira yolowera mu rauta uli kutali, inadutsa pamenepo sikirini imangouma. Ukafuna ziwiri uyenera kuwonjezera liwu lakuti secondary kumapeto. Chimene ndimaikondera nʼchakuti imadzudzula. Ukayesa kuika netiweki imodzi pa mapoti awiri imakana pomwepo, nʼkukuuza kuti adiresiyo ikuwombana ndi ya poti yakutiyakuti.

MikroTik, ya ku Riga m'dziko la Latvia, ndi imene ndimaipeza kwambiri m'maofesi ang'onoang'ono, m'masukulu ndi pamitengo ya wayilesi, chifukwa thumba limailola. Ntchito yonse ija ndi mzere umodzi:

/ip address add address=192.168.10.1/24 interface=ether2

Palibe kutsegula poti, palibe kusunga. Ukadina Enter lamulo lagwira ndipo lasungidwa nthawi yomweyo. Magetsi azime kakhumi, rauta idzadzuka ndi zimene unalemba. Zikumveka zokoma mpaka tsiku limene walemba zolakwika, chifukwa nazonso imazisunga mokhulupirika. Kuuza wa muofesi pafoni kuti "tazimitsani muyatsenso" sikuthandiza kanthu.

Mankhwala ake ndi Safe Mode. Dina Ctrl ndi X usanayambe, uona liwu lakuti SAFE pamzere wolembapo. Kulumikizana kukaduka usanatulukemo, rauta imabweza yokha zonse zimene wasintha, osadzizimitsa. Ingodziwani kuti mzere ukaduka mwadzidzidzi imatha kudikira mphindi ngati 9 isanatsimikize kuti wapitadi, ndiye musathamangire kukwera kombi, imwani kaye tiyi. Zikayenda bwino dinaninso Ctrl ndi X kuti zikhazikike. Ine ndinayamba ndatsekapo windo ndili mu Safe Mode, ntchito ya theka la ola nʼkubwerera pamene ndinayambira.

Misampha ya MikroTik ndi yachete, ndipo apa mpamene ndimataya nthawi yambiri pokonza za anzanga. Ukaiwala /24 sikudandaula, imangotenga adiresiyo ngati /32, kutanthauza netiweki ya munthu mmodzi. Ukalemba /ip address print adiresi ikuoneka bwinobwino, koma makompyuta sakuyankha ping, lamulo loyesera ngati makina akufikika. Yang'ana gawo la network: ngati likufanana ndendende ndi adiresi, m'malo mothera ndi ziro, vuto ndi limenelo. Chachiwiri, liwu lakuti add limatanthauzadi kuwonjezera. Yakale imakhalabe mpaka utaichotsa ndi remove kapena kuisintha ndi set. Posamutsa netiweki uli kutali zimenezi nʼzabwino zedi, umaika yatsopano, nʼkulowera pamenepo, kenako nʼkuchotsa yakale. Koma ndapezapo rauta ili ndi maadiresi asanu pa poti imodzi, aliyense amene anadutsapo anasiya yake ngati mayina a pakhoma la chimbudzi. Netiweki imodzi pa mapoti awiri nayonso imailola osakufunsa.

Chachitatu ndi bridge. Marauta ang'onoang'ono ambiri a MikroTik amabwera ether1 ili yolandirira intaneti, mapoti otsalawo atamangidwa pamodzi mu bridge yokhala ndi 192.168.88.1/24. Poti ikakhala mu bridge, adiresi iikeni pa bridge pomwepo. Ngati mukufuna ether3 ikhale ndi netiweki yakeyake, ichotseni kaye mu bridge. Ndipo zonse zikasokonekera, Winbox, pulogalamu yoyendetsera MikroTik, imatha kulowa pogwiritsa ntchito adiresi ya MAC, nambala imene chipangizo chimabadwa nayo, popanda IP iliyonse, bola uli pa chingwe chomwecho. Chingwe cha console nthawi zambiri chimatsalira kunyumba, ndiye khomo lakumbuyoli landichotsa manyazi kangapo.

Juniper ndimakumana nayo mwa apo ndi apo, makamaka kwa makampani akuluakulu, koma maganizo ake ndi amene ndimawasirira. Ukalowa ndi configure umalemba:

set interfaces ge-0/0/0 unit 0 family inet address 192.168.10.1/24

ndiye palibe chimene chimachitika. Lamulo limadikira pambali. Umaona kaye kusiyana kwa zakale ndi zatsopano ndi show | compare, ndipo ukakhutira umalemba commit, limene limagwiritsa ntchito ndi kusunga pakamodzi. Uli kutali umalemba commit confirmed 5, ndipo ukapanda kutsimikiza m'mphindi 5 imabwerera yokha. Imasunganso makonzedwe 50, kuphatikizapo amene akugwira ntchito, moti rollback 1 kenako commit imakubwezera pa amene analipo usanasinthe komaliza. Nayonso imawonjezera adiresi m'malo mochotsa yakale, ndiye amene mwazolowera Cisco kumbukirani delete. Vuto lake ndi mtengo, komanso kupeza mnzako woti umufunse usiku.

Kumbali ya intaneti yolowa, onse atatu amachita ntchito imodzi. Kampani ikakupatsa mzere wa fiber wokhala ndi /30, ndiye kuti maadiresi ndi 4 koma ogwira ntchito ndi 2, imodzi yawo, ina yako. Pa Cisco maski yake ndi 255.255.255.252, ndipo njira yotulukira ndi ip route 0.0.0.0 0.0.0.0 kutsatira adiresi yawo. Pa MikroTik ndi /ip route add dst-address=0.0.0.0/0 gateway= nʼkuika adiresi yomweyo. Chiyambireni Starlink kugwira ntchito muno mu Zimbabwe mu 2024, ntchito zambiri zasanduka zoti rauta izilandira yokha adiresi, ip address dhcp pa Cisco kapena /ip dhcp-client add pa MikroTik. Apa samalani: rauta ya Starlink imagawa 192.168.1.0/24, netiweki imene maofesi ambiri a mu Harare anaika kale mkati. Zikawombana, kunja ndi mkati kumakhala dzina limodzi ndipo rauta imasowa kolowera. Maadiresi a m'nyumba ndi ambirimbiri, 10.0.0.0/8 yonse ilipo, 172.16.0.0/12 iliponso, palibe chifukwa chopanikizana pa 192.168.1.

Wina akandifunsa choti agule pa ofesi ya anthu 20 ku Graniteside, ndimati MikroTik, koma ndimamulumbiritsa kuti chala chizolowere Ctrl ndi X, ndiponso kuti azitenga kope la makonzedwe ndi /export asanakhudze kanthu. Mwana amene akuphunzira ndimamuyambitsa pa Cisco, ngakhale mu Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera marauta pa kompyuta, chifukwa kulemba maski yonse ndi dzanja kumakakamiza mutu kumvetsa chimene /24 ndi /30 zikutanthauza, ndipo ikamakana zolakwika imakhala ikuphunzitsa. Ku Msasa kuja rauta ya Cisco ikadalipo, sindinaone chifukwa choichotsera. Ndinalembanso maadiresi aja, nʼkusunga, kenako ndinapempha bambo aja kuti azule pulagi ine ndikuona. Tinadikira rauta idzuke, ping inayankha, ndipo ndinamata kapepala pachivundikiro cha laputopu yanga kolembedwa write memory.