Playfair Display: fonti ya mitu ikuluikulu, osati ya tizilembo tating'ono

Playfair Display ndi fonti yopangidwira mitu, ndipo pa ntchito imeneyo timaiyamikira kwambiri. Anaipanga ndi Claus Eggers Sørensen wa ku Denmark, inatuluka pa webusaiti ya Google Fonts mu 2011, ndipo ndi yaulere pa chilolezo cha SIL Open Font License. Mutha kuigwiritsa ntchito pa makhadi a ukwati ogulitsa, chikuto cha magazini kapena chizindikiro cha bizinesi popanda kulipira.

Kukongola kwake kwagona pa kusiyana kwa mizere. Tayang'anani chilembo O: m'mbali ndi chonenepa, pamwamba ndi pansi n'chopyapyala ngati tsitsi. Kalembedwe kameneka kanayamba ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo Sørensen anatengerako ku zilembo za John Baskerville wa ku Birmingham. Zilembo zazing'ono monga a, e ndi n ndi zazitali bwino, pomwe michira ya g, p ndi y ndi yaifupi. N'chifukwa chake mutu wa mizere iwiri kapena itatu umatheka kuuyandikizitsa. Mpata wa pakati pa mizere wa 110 peresenti ya kukula kwa chilembo umakwanira, michira osagunda mzere wapansi. Ili ndi milingo isanu ndi umodzi ya kunenepa kwa zilembo, kuyambira Regular 400 mpaka Black 900, ndipo uliwonse uli ndi zilembo zopendekera. Zopendekerazi ndiye mtima wa fontiyi; mayina a mkwati ndi mkwatibwi amaoneka mwaulemu zedi akalembedwa nazo.

Vuto limachokera pa mizere yopyapyala yomweyo. Zilembo zakuda pa pepala loyera zimapirira mpaka cha pa 18 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo), koma mukatsika kupitirira apo kamzere ka pakati pa e kamayamba kusowa, e n'kumaoneka ngati c. Choipa kwambiri ndi zilembo zoyera pa mtundu wakuda kapena wofiira. Mtundu wa kumbuyo ukakhala wosakaniza inki ziwiri kapena zitatu za CMYK (mitundu inayi ya inki yosindikizira), makina akangophonya pang'ono poyika inki imodzi pamwamba pa inzake, inkiyo imalowa m'kamzere koyera n'kukakwirira. Pa pepala la nyuzipepala inki imamwazika, choncho zimaipiraipira. Osindikiza ambiri safuna mzere woyera wochepera 0.5 pt. Pa ntchito yotere yambani pa 24 pt, sankhani Medium 500 kapena SemiBold 600, ndipo mtundu wa kumbuyo ukhale wa inki imodzi ngati n'kotheka. Musaidindire batani la B lonenepetsera zilembo pomwe kompyuta ilibe Bold yeniyeni, chifukwa pulogalamu imanenepetsa mizere yonse mofanana n'kuwononga kusiyana kuja.

Pa zikwangwani zodula pa vinyl (pulasitiki yomata), timizere timeneti timanyamuka pochotsa zotsalira, ndipo timayamba kumatuka padzuwa. Kupeta ndi ulusi pa malaya ndiye ayi, sankhani fonti ina.

Manambala amasokoneza anthu ambiri. Mukangolemba, fontiyi imatulutsa manambala akale okwera ndi kutsika: 3, 4, 5, 7 ndi 9 amapita pansi pa mzere, 6 ndi 8 amakwera, ndipo 0 amafanana ndi chilembo o. M'chiganizo amaoneka bwino, koma pa nambala ya foni, mitengo ya pa menyu kapena tsiku la chinkhoswe amavuta kuwerenga. Manambala oima mofanana alimo, muyenera kungowayatsa. Mu Word pitani pa Font, Advanced, Number forms n'kusankha Lining. Mu pulogalamu ya InDesign ali pa OpenType, Proportional Lining. Pa webusaiti lembani font-variant-numeric: lining-nums.

Pa Chichewa imachita bwino. Chilembo ŵ chilimo, choncho amene amalemba Malaŵi saona chilembo chachilendo chitalowerera pakati pa mawu. Samalani ndi kachizindikiro ka mu ng' ndi m'. Kowongoka ka pa kiyibodi kamaoneka ngati chikhomo pa mutu wa 60 pt. Gwiritsani ntchito kopindika, kamene kanajambulidwa mogwirizana ndi zilembo zina. Dziwaninso kuti fontiyi ndi yotambalala, ndipo mawu athu ndi ataliatali. Mawu ngati “chikondwerero” mu Black 900 amadzaza msanga m'lifupi mwa khadi la A6. M'malo mofinya zilembo, zomwe zimapundula maonekedwe ake, tsikirani ku Regular kapena dulani mutuwo pawiri.

Nkhani yaitali musailembe ndi fonti imeneyi, maso amatopa makamaka pa foni. Fonti ya Georgia imagwirizana nayo bwino pa ndime, ndipo Lato kapena Source Sans zimathandiza pa maadiresi ndi malangizo. Pa Google Fonts palinso ina yatsopano yotchedwa Playfair basi, imene imanenepetsa timizere tija yokha zilembo zikachepa. Ndiyo yoyenera ngati mukufuna banja limodzi pa mutu ndi pa ndime.

Potumiza ntchito kosindikiza, sandutsani zilembo kukhala zojambula, mu pulogalamu ya CorelDRAW ndi Ctrl+Q, kapena sungani PDF yokhala ndi fonti mkati. Mukapanda kutero kompyuta ya wosindikiza imaika fonti ina m'malo mwake. Pemphaninso kope limodzi loyesera pa pepala lenilenilo, muone timizere ta e ndi a musanavomereze makope onse.