Kachikwama ka foni kosalowa madzi: mbuna kanazigwira, nkhwazi kanalephera

Abale a kuno ku Joni amene mukukonzekera kupita kumudzi ndi ana n'kukafikanso kunyanja, gulani kachikwama aka musanakwere basi. Ine ndinakapeza m'shopu ina ya zamafoni m'tauni muno, mtengo wake sunafike ndi R200 yomwe. Papaketi analembapo IPX8, chizindikiro chakuti kangamire kupitirira mita imodzi osalowa madzi. Zolembazo musangozikhulupirira. Ikanimo pepala la tishu, mutseke bwinobwino, mukamize m'ndowa kwa ola lathunthu. Pepalalo likatuluka louma, ndiye foni ilowemo.

Tinakayesa ku Cape Maclear, titamanga tenti pa kampu ina m'mudzi wa Chembe. Kumeneko bwato limakutengani kupita ku chilumba cha Thumbi, mkati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi anaikhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Kuwedza pafupi ndi miyala ya pachilumbapo n'koletsedwa, n'chifukwa chake mbuna, nsomba zazing'ono zokhala m'miyala, sizithawa munthu pamenepo. Zimangopitiriza kukokota ndere pamiyala, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, ngati mbuzi zikudya msipu m'mphepete mwa msewu.

Apa ndiye kachikwamaka kanagwira ntchito yake. Dziwani kuti foni ikangomira, galasi lake silimvanso chala. Tsegulani kamera mukadali pamwamba, kenako muzijambula podina batani la voliyumu. Mwana wanga wamkulu ndi amene anatulukira nzeru yabwino: kujambula vidiyo, n'kudzasankhamo zithunzi madzulo titakhala pamchenga. Mbuna siima malo amodzi kudikira munthu, ndiye mwa njira imeneyi tinapeza chithunzi cha ina yabuluu ya mizere yakuda, kukamwa kuli pamwala, timamba take tikuonekera timodzitimodzi.

Sendezani foni pafupi, mtunda wa mkono umodzi basi, ndipo musapite kozama. Madzi amameza mtundu wofiira poyamba, moti mukatsika kwambiri zonse zimangotuluka zobiriwira. Dzuwa likhale pamutu. Anyamata a mabwato amakonda kuponya buledi kuti nsomba ziunjikane, ana n'kumakuwa ndi chimwemwe, koma kwa wojambula n'kuononga chabe, chifukwa nyenyeswa zimadetsa madzi ndipo chimene mumapeza ndi chipwirikiti cha michira. Sunthani pang'ono, mukapeze zimene zikudya pazokha.

Vuto lalikulu ndi nthunzi. Foni ikatentha padzuwa n'kulowa m'madzi ozizirirapo, mkati mwa pulasitikimo mumachita chifunga, zithunzi n'kutuluka zambuu. Mayi a ana anatulutsa kapaketi ka timibulu touma kamene kamabwera m'bokosi la nsapato zatsopano, tinakaponya m'kachikwamamo, ndipo zinachepa. Muzikasunganso pamthunzi, pansi pa thaulo.

Kunja kwa madzi kachikwamaka kalibe phindu. Woyendetsa bwato akaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi imachoka pamtengo n'kudzaithyola pamadzi m'kuphethira kwa diso. Ife tinajambula foni ili m'pulasitiki yodzaza timadontho, ndipo chimene chinatuluka ndi chibanga choyera ndi chakuda, osadziwika kuti mutu uli kuti. Pojambula mbalame, itulutseni foni, mupukute galasi la kamera, muigwire zolimba. Zithunzi za dzuwa likulowa chimodzimodzi.

Chingwe chokolekera m'khosi n'chopyapyala moti sindinachikhulupirire, mlamu wanga anachisintha ndi chingwe cha tenti. Foni zikuluzikulu zimalowa pokhapokha mutavula kava. Mchenga ukalowa potsekera, kachikwamako sikatsekanso bwino, choncho muzikatsuka madzulo aliwonse n'kukayesanso ndi tishu musanalowe nako m'madzi tsiku lotsatira. Pa nyenyezi zisanu ndikukapatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nthunzi ndi chingwecho.