Dzino limodzi, kulimata kawiri

Juni wa chaka chatha ndikudya chimanga chowotcha chapafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndinamva kuti khu! m'kamwa. Ndinkayesa kamwala. Kulavulira m'dzanja, kanali kachidutswa koyera komwe anandimata nako dzino la kumbuyo ku tauni ina, miyezi isanu ndi umodzi isanakwane n'komwe. Tsiku londimatalo pamzere tinalipo ambiri, ndipo ntchito yonse sinadutse mphindi khumi. Ndinachoka ndikuyamikira kuti anthu aja ndi achangu.

Ulendo uno ndinapita ku kachipatala ka mano komwe sikaboma, pa Mangochi boma pompano. Malo ake ndi opanikizika, mipando yodikirirapo inayi, ndi fani imodzi yongotembenuza kutentha kwathu kuno. Ndinapita nditakonzeka kuti angolizula, paja kwathu dzino likavuta timangoti lichoke. Adokotala atasuzumira anati, "Aphunzitsi, dzinoli likadali labwino. Chinalakwika ndi mamatidwe."

Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndiye mafunso sandithera, ndipo bamboyo sanatope nane. Zomatira zoyerazi amazitcha composite. Ndi utomoni wa pulasitiki wosakaniza ndi tizidutswa ta galasi tosalala ngati ufa. Utomoni wake wotchedwa Bis-GMA anaupanga ndi dokotala wa mano wina, Rafael Bowen, ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Zimatuluka m'kachubu zili zofewa ngati chiponde. Siziuma ndi mphepo ayi, zimauma ndi kuwala kwa buluu kochokera m'katochi komwe amakulowetsa m'kamwa.

Nkhani yonse yagona pa katochiko. Kuwala kwake, pa mtundu womwe anandiika ine, kumalowa bwino mamilimita awiri okha. Choncho bowo likakhala lakuya samathira mulu umodzi. Amaika pang'ono, kuwalitsa masekondi 20, kuikanso, kuwalitsanso. Ndinawerenga chamumtima, anachita kanayi, tochi ataigunditsa pafupi penipeni ndi dzino, chifukwa ikatalikira mphamvu imachepa. Wothamanga akathira zonse kamodzi, pamwamba pamauma gwa koma pansi pamatsala pawisi, ngati mandasi okazingira pamoto wambiri. Mpamene ndinamvetsa chomwe chinachitikira kachidutswa kanga kaja.

Palinso china. Zomatirazi zikamauma zimafota pang'ono, magawo awiri kapena atatu pa 100 alionse. Mulu ukakula, kufotako kumasiya kampata m'mphepete, n'kumalowa tizakudya ndi tizilombo, dzino n'kuyambanso kuola mwakabisira.

Chomwe chinanditopetsa ndi nkhondo yawo ndi malovu. Thonje uku, thonje uku, kapaipi koyamwa malovu kali pakona pa mlomo, ine kukamwa kuli yasa mpaka nsagwada kuwawa. Anayamba apaka kamankhwala ka asidi masekondi ochepa, kutsuka, kuumitsa, kenaka kaguluu kake, nakonso kuwalitsa. Akuti malovu akangodontherapo pamenepo, zomatira sizigwira dzino, amayambiranso. Tili mkati magetsi anathima. Tochi ndi ya batire koma choyamwa malovu chinaima, ndipo adokotala sanapitirize mpaka mtsikana wowathandiza atalizitsa jenereta. "Pepani aphunzitsi, musatseke pakamwa." Ndikanayankha bwanji?

Zodandaula zilipo. Ndinadikira maola awiri ngakhale anandipatsa nthawi yobwerera. Mtengo wake unaposa kawiri wa kuzula, ndipo anandiuza nditakhala kale pampando, zomwe sizinandisangalatse. Akanalemba pakhoma aliyense n'kumadziwiratu. Sabata yoyamba madzi a m'furiji ankandilasa, komanso ndikaluma ndinkamva ngati dzinolo latalika kuposa anzake. Nditabwerera anandilumitsa kapepala kabuluu, n'kupala pomwe panadetsedwa, osalipiritsanso. Kulasa kuja kunatha kokha.

Sanandinamize kuti ndi zamuyaya. Anati zomatira zoyera zimaperepeseka ndi kutafuna, zimatha kugamphuka m'mbali, ndipo tiyi amazidetsa pakapita nthawi. Anandiletsa kutsegula botolo ndi mano, n'kundifunsa ngati ndimakukuta mano usiku (mayi a kunyumba akuti ndimatero, ine sindinadzimvepo). Ubwino wake, potuluka pakhomo zimakhala zitalimba kale. Ndinangodikira dzanzi la jakisoni lithe, madzulo ake ndinadya nsima ya chambo.

Pano padutsa chaka ndi miyezi inayi. Ndikayendetsa lilime sindipeza polekezera dzino ndi poyambira zomatira. Usipa wouma ndikutafuna, mtedza wokazinga ndikutafuna. Nzimbe zokha ndimasenda ndi mpeni, ana a sukulu n'kumandiseka. Tchuthi chikubwerachi ndiperekeza mlamu wanga wa ku Namwera, yemwe dzino lake labooka la kutsogolo, koma mtengo ndikafunsira pakhomo.