Tiger Moth kapena Stearman: mukwere iti?

Chiikireni zithunzi za maulendo anga pa Tiger Moth ndi Stearman, anzanga kuno ku Britain sakundipumitsa ndi funso lakuti mwa ndege ziwiri zakalezi, yoyenera kuitayira ndalama ndi iti. Ndakwera zonse, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Zonse ndi za mapiko osanjikizana, zopanda denga, ndipo zinkaphunzitsira anyamata kuuluka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Stearman ndi ya ku Wichita, ku America. Ndi chindege chojintcha, injini yake ya Continental ili ndi mahosipawa 220, mabuleki ali nawo, ndipo mpando ndi wotakasuka. Asilikali akuda a ku America omwe ankaphunzira kuulutsa ndege ku Tuskegee anaiphunzirirapo. Nkhondo itatha, zambiri zinakathera m'minda, kupopera mbewu mankhwala. Vuto lake lodziwika ndi potera: mateyala ali moyandikana, ukangozengereza kuponda zowongolera imazungulira pansi phiko n'kukhula udzu. Kupatula apo ndilibe nayo mlandu.

Koma mtima wanga uli pa Tiger Moth. Kampani ya De Havilland inaiulutsa koyamba mu 1931, ndipo zinapangidwa zoposa 8,000. Injini yake ya Gipsy Major ndi ya mahosipawa 130 basi. Za ku Britain zinalibe mabuleki, kumchira kunali kachitsulo kokwekwereza pansi, ndipo poliza injini munthu amachita kupukusa pulopela ndi manja. Ndinaima pafupi mkulu wina akutero: anakokera pansi kamodzi n'kudumphira kumbuyo, injini n'kutsokomola, fungo la oilo wotentha n'kundimenya kumaso. Inkauluka ngakhale kufupi ndi kwathu. Kuyambira mu 1940 anyamata ankaiphunzira ku Southern Rhodesia, pa mabwalo a ndege a Belvedere ndi Mount Hampden kufupi ndi Salisbury, yomwe lero ndi Harare, komanso pa Induna kufupi ndi Bulawayo. Kumeneko dziko ndi lokwera, mpweya wopyapyala, choncho kainjini kaja kankavutika dzuwa likaswa mtengo.

Chinandiwawa si ndegeyo ayi, koma kampani ina yomwe inandikweza. Papepala analemba mphindi 20. Sanandiuze kuti amayamba kuwerenga injini ikangolira. Tinakhala pa udzu kudikira kuti itenthe, kenako tinayenda mokhotakhota popeza woyendetsa saona kutsogolo chifukwa cha mphuno ya ndege, ndipo m'mwamba sitinakhalitse n'komwe. Tsiku loyamba anaimitsa ulendo chifukwa cha mphepo, zomwe ndinamvetsa, chifukwa ndege yopepuka chonchi siilimbana ndi mphepo ya m'mbali. Koma posintha tsiku anandilipiritsanso. Kanema wa ulendowo nayenso anali ndi mtengo wake, womwe ndinaumva nditavula kale chisoti. Ndalama imeneyo ndinaisunga miyezi, ndikugwira mashifiti a usiku. Kumene ndinakwera Stearman anandiuziratu zonse, ndipo wotchi inayamba mateyala atanyamuka.

Pali china chachikulu kuposa ndalama. Pa 16 December 2013, Tiger Moth ina inanyamuka ndi mlendo mmodzi kufupi ndi South Stradbroke Island ku Queensland, ku Australia. Ili mkati mogudubuzika m'mwamba, mapiko a kumanzere anathyoka, inagwera m'nyanja ndipo anthu awiri onse anafa. Ofufuza a boma anapeza kuti zitsulo ziwiri zodutsa pansi pa thupi la ndege, zomwe zimagwira mapiko a m'munsi, zinali zitang'aluka pang'onopang'ono pa mazinga mpaka kuduka. Sizinali zoyambirira zija, zinali zopangidwa pambuyo pake ku Australia komweko. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kuti ine ndinakhala pamwamba penipeni pa zitsulo zoterozo, mpando wakutsogolo, osafunsa kanthu.

Ngati mukufuna kukhala momasuka ndi kumva mkokomo pachifuwa, kwerani Stearman, simudandaula. Ine ndidzabwerera ku Tiger Moth, chifukwa mphindi zochepa zomwe anandisiyira ndodo yowongolera ndinamva mmene imaululira kulakwitsa kulikonse: ukapanda kuponda bwino pokhota, mphepo imakuwomba tsaya limodzi. Koma kwa anthu aja sindidzapondakonso. Kwina kumene ndidzapite ndidzayamba ndafunsa kuti wotchi imayamba liti, zitsulo zogwira mapiko anazisintha chaka chanji, ndipo zogudubuzika m'mwamba ndidzakana.