Chiwongolero cha MGB: chakale chomwecho kapena cha magetsi?

Pagalaja yathu ku Booysens, mu Johannesburg, pabwera MGB ya 1972, galimoto yakale ya kampani ya MG ya ku Britain, ndipo ine ndi achimwene tasiyana maganizo.

Iwo akuti tiikemo kamota ka magetsi kofewetsa chiwongolero. Mfundo ali nayo: galimotoyi inapangidwa yopanda pawa ku chiwongolero, ndiye poimika pamalo opanikiza ku Rosebank mikono imachita kuwawa. Koma kamotako kamadya moto wa batire, kamafuna alternator (chipangizo chotchaja batire) yamphamvu, mwinanso mpaka kudula shafti pansi pa dashibodi.

Ine ndikuti tikonze chakale chomwecho. Nditagwedeza chiwongolero galimoto ili chiimire, chimasewera zala ziwiri matayala osasuntha n'komwe. Ma tie rod (tizitsulo tolumikiza chiwongolero ku matayala) anatha, rack (chitsulo cha mano chokhotetsa matayala) inauma gwa. Tikakonza zimenezo, mwiniwake pa M1 aziumva msewu m'manja, ndipo n'chimene anthu amaikondera MG. Kamota kamachepetsa kukoma kumeneko.

Pa zopondera ndiye tagwirizana. Cha kilachi chikugwedera cham'mbali chifukwa mabushi anadyeka, labala wake anaperepeseka mpaka nsapato kumaterereka. Mabushi, pini ndi malabala atsopano, basi. Kugula zopondera za mpikisano n'kungotaya ndalama.