University of the People: kodi ndiyosungira ndalama za mwana?

Makolo anzanga amene mukusunga ndalama za sukulu ya mwana, yunivesite iyi ndikuona kuti ndiyofunika kuiyang'ana bwinobwino musanaipeputse komanso musanaikhulupirire kwambiri. University of the People inayambitsidwa mu 2009 ndi Shai Reshef, likulu lake lili ku Pasadena m'chigawo cha California ku America, koma kulibe kalasi yoti munthu akakhalemo, zonse ndi pa intaneti basi.

Amanena kuti kulibe fizi, ndipo zoonadi maphunziro enieniwo salipiritsa, koma ndalama zimatuluka ndithu. Pofunsira malo pali $60, kenako kosi iliyonse ili ndi ndalama ya mayeso yomwe poyamba inali $100 koma yakhala ikukwera. Ndiye muwerengere kuti digiri yoyamba ndi makosi 40, apa ndiye kuti ngakhale pa mtengo woyamba uja wa $100 zonse pamodzi zikupitirira $4,000, ndipo ndi madola, kutanthauza kuti ngati ndalama yomwe mumalandira ikugwa mphamvu, fiziyo ikukwera ngakhale iwo asanakweze kalikonse. Komabe poyerekeza ndi ma yunivesite ena aku America omwe amadya madola masauzande ambirimbiri pa chaka chimodzi chokha, apa ndi pochepa kwambiri.

Chimene chinandikopa ine ndi kalipiridwe kake. Sakufuna chindalama chonse nthawi imodzi chaka chikamayamba ayi, mumalipira kosi ndi kosi chakumapeto kwa temu, ndipo pa chaka pali matemu 5 a masabata 9 iliyonse. Kwa kholo loti limasunga pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi zimenezi zimagwirizana ndi thumba, mwana atha kutenga kosi imodzi temu imene zavuta, ziwiri temu imene zili bwino, osapita kukakongola kwa munthu. Mabuku nawonso sagula, amagwiritsa ntchito omwe ali aulere pa intaneti, ndipo pali ma sikolashipu kwa amene zawavutiratu ngakhale ofunsira amakhala ochuluka.

Nkhani yoti digiriyo ndi yeniyeni kapena ayi, apa ndiye pamene ambiri timapusitsidwa ndi masukulu a pa intaneti, chifukwa alipo ena ongogulitsa pepala. Iyi inavomerezedwa mu 2014 ndi DEAC, bungwe la ku America lovomereza masukulu ophunzitsa anthu ali kutali, kenako mu 2025 inavomerezedwanso ndi WSCUC, bungwe lomwe limavomerezanso ma yunivesite akuluakulu aku California. Koma kuvomerezedwa ku America sikutanthauza kuti paliponse aziilandira osafunsa, pitani kaye ku bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dziko limene mwanayo adzagwire ntchito mukafunse, musanatulutse ngakhale $60 ija.

Tsono pofooka pake. Maphunziro ndi ochepa, pa digiri yoyamba pali Business Administration, Computer Science ndi Health Science basi. Mwana wofuna udokotala, unamwino, uinjiniya kapena zamalamulo pano palibe chake, ndipo Health Science imeneyo si yopangira munthu kukhala dokotala, osasokoneza. China, maphunziro ake si oti mphunzitsi aima kutsogolo n'kumafotokoza, ndi kuwerenga wekha, kulemba, kuyankhana ndi anzako pa zokambirana za sabata imeneyo, sabata yotsatira zinanso, ndipo zonse zili ndi tsiku lomalizira kutumiza. Munthu wamkulu woti ali pa ntchito ndipo akudziwa chimene akufuna zimamuyendera, koma mwana wa zaka 18 woti wangochoka ku sekondale komwe amachita kudzutsidwa ndi belu, ali yekha m'chipinda ndi laputopu, Facebook ndi TikTok zili pomwepo, eee, pamafunika mwana wodzigwira kwambiri. Chingerezi chake chikhalenso cholimba chifukwa kulemba ndi sabata iliyonse. Ndiye palinso zimene digiri ya pa intaneti singamupatse mokwanira, anzake okumana nawo maso ndi maso, aphunzitsi omudziwa nkhope amene mawa angamulozere pa ntchito, zimenezi ine sindizitenga ngati zazing'ono.

Musaiwale kuika mu bajeti laputopu yabwino ndi intaneti ya zaka 4 zonse, chifukwa zimenezi ndi zanu, sukulu sikupatsani.

Ine pa 5 ndikuipatsa 4 kwa munthu wamkulu wofuna kuwonjezera maphunziro ali pa ntchito, koma 3 kwa mwana wongochoka kumene ku sekondale. Ndalama za mwana ndikupitiriza kusunga mu akaunti yapadera yopatsa chiwongoladzanja ngati kuti adzapita ku yunivesite yokhala pa kalasi, ndipo akadzamaliza sekondale ndidzamuyesa kaye ndi kosi imodzi yaulere ya pa Coursera kapena edX, omwe ndi masamba a pa intaneti ophunzirirapo makosi, ndione ngati angaimalize payekha popanda ine kumukumbutsa.